Pamene Kompyuta Ikukana Kupeza Dzina Lomwe Lilipo

Akatekisiti ndi alembi a m'nthambi za ku Bowe ndi madera ena a ku Dowa ndi Ntchisi ayamba kusunga maina a obatizidwa ndi olimbitsidwa mu Microsoft Word. Pofuna dzina amadina Ctrl ndi F pamodzi, nalilemba. Koma nthawi zina kompyuta imayankha kuti dzinalo palibe, ndipo mkhristu wofuna kalata ya ubatizo pokonzekera ukwati amabwerera wokhumudwa. Abale, kompyuta siwerenga monga munthu: imafananiza lemba ndi lemba. Lemba limodzi likasiyana, imalambalala dzinalo.

Choyamba ndi lemba la ŵ, lomwe timaliona m'Buku Loyera la 1998. Kwa ife Mbewe ndi Mbeŵe ndi mfunda umodzi, koma kwa kompyuta ndi mawu awiri osiyana. Dinani Ctrl ndi H, musankhe Find, mulembe Mbe^?e. Zizindikiro ziwiri za ^? zimaimira lemba lililonse, motero maina onse awiri adzaoneka.

Chachiwiri ndi kankhodolera wa m'mwamba wa m'mawu monga Ng'oma. Alembi ena amaika wina wopendekera kumanzere, ena samuika konse. Lembani Ng^?oma, kenaka muyesenso Ngoma.

Chachitatu ndi kalembedwe kakale. Malamulo a Chichewa Board a 1973 asanakhazikike, mabuku ambiri ankalemba c pomwe lero tilemba ch. Amene adakopera m'kaundula wakale mwina adalemba Cisale m'malo mwa Chisale. Chimodzimodzinso l ndi r: Maria, Mariya ndi Maliya. Nzeru yake ndi kufufuza kachigawo ka dzina komwe sikasintha, monga isale.

Chachinayi, dinani More muone timabokosi tomwe tachongedwa. Match case ikachongedwa, wofuna Phiri sadzapeza PHIRI. Find whole words only nayo imavuta m'Chichewa, popeza ambiri timalumikiza mawu: wofuna Bowe sadzapeza kuBowe. Chotsani zochongazo, muyesenso.

Chachisanu, tsamba lojambulidwa ndi foni ndi chithunzi chabe ngakhale mutaliika mu Word. Maso anu akuona maina, koma kompyuta sionamo lemba ndi limodzi lomwe. Mainawo ayenera kutayipidwa.

Tichenjeze za Replace All. Wina akalamula kuti c aliyense asanduke ch, Chimwemwe adzasanduka Chhimwemwe m'masamba onse. Sungani kope lina musanasinthe, ndipo sinthani dzina limodzilimodzi. Zikalakwika, dinani Ctrl ndi Z nthawi yomweyo. Komanso musakonze dzina la munthu mwa inu nokha. Likhale monga lidalembedwera m'kaundula.

Njira zonsezi zikakanika, musauze mkhristu kuti sadabatizidwe. Mboni yeniyeni ya ubatizo ndi buku la kaundula losungidwa ku parishi. Mndandanda wa m'kompyuta udangokoperedwa, ndipo wokopera akhoza kudumpha mzere. Funsani chaka, nthambi, maina a makolo ndi a omuimira pa ubatizo, mukapereke kwa Bambo Mfumu kuti akaone m'bukumo. Ndipo pa msonkhano wa akatekisiti gwirizanani za kalembedwe kamodzi ka maina atsopano, kuti odzabwera pambuyo pathu asadzavutike.