Pitani ku tauni, koma munda musagulitse

Mvula ikadula msanga ku Balaka, kapena nyanja ya Chilwa ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi 2018, nkhani ya pakhonde m'mabanja ambiri imakhala imodzi: tipite ku tauni. Wa ku Phalula ndi Utale maso amakhala pa msewu wa M1, wa ku Ntaja ndi Nsanama amafunsa mtengo wa basi ya ku Limbe. Chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, chinakolezera maganizo omwewa.

Kupita si kulakwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo ambiri a iwo ali ndi kwawo kumene amapita pa Khirisimasi kapena pa Idi. Chimene chimagwetsa mabanja ndi kapitidwe kake: kugulitsa mbuzi, njinga ndi munda, n'kukweza ana onse pa lole tsiku limodzi.

Mundawo tiyambe taunena. Kwa Ayao a ku Machinga, ngakhalenso m'midzi yambiri ya chikamwini ku Balaka, malo ndi a mbumba ndipo amayenda kuchikazi. Bambo amene akuumiriza zogulitsa amakhala akutsatsa chinthu chimene si chake, ndipo mayi akavomera mwinimbumba asanamve, mlanduwo udzapeza ana. Komanso mundawo ndi umene umadyetsa anthu a m'tauni. Imani pa depoti ya Liwonde nthawi yokolola muone matumba a chimanga, mpunga ndi nandolo akukwezedwa kupita ku Ndirande, Bangwe ndi Mtandire. Banja limene limalandira matumba otere limangosaka ya lendi ndi ya ndiwo, pamene lopanda munda limagula ufa wa pawokumani madzulo alionse. Siyani m'bale azilima, amfumu adziwe kuti malowo ali ndi mwini, inu muzitumiza ya feteleza pa Mpamba kapena Airtel Money.

M'tauni chilichonse n'chogula. Madzi ndi a pakiyosiki, kulipira pa ndowa. Makala, mayunitsi a magetsi, ngakhale chisoso ndi nkhwani zimene kumudzi mumangothyola kuseri kwa nyumba, zonse zimafuna ndalama. Alandilodi ena amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowetse n'komwe mphasa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inathamanga, koma malipiro a mlonda, wantchito wa pakhomo ndi wa kabaza anatsalira m'mbuyo.

N'chifukwa chake ndi bwino kuti mmodzi atsogole. Akakhale kaye kwa wachibale, aone ngati ntchito imene analonjezedwa pa foni ilipodi, kapena ngati geni yake ikubweza mpamba. Asachedweko kwambiri: achimwene a ku Mbayani amene amamwetulira sabata yoyamba nawonso ali ndi chipinda chimodzi ndi ana awo.

Nyumba musaisankhire kutchipa kokha. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo ambiri anali anthu amene anatsata malo otsika mtengo m'mphepete mwa phiri. Funsani aneba kumene madzi amadutsa mu Januwale. Funsaninso kuti chimbudzi chimodzi chikugwiritsidwa ntchito ndi mabanja angati. Anthu a ku Machinga za kolera safuna kuuzidwa, popeza mliri wa 2022 unayambira kwawo konko usanaphe anthu opitirira 1,700 m'dziko lonse. Koma utafika m'mizinda unavuta kwambiri moti mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa.

Ana asamuke chaka cha sukulu chikatha, atatenga kalata ya transifa kwa ahedi. Wa Sitandade 8 msiyeni kwa agogo alembe kaye mayeso.

Pali funso lina limene mabanja ambiri amalidumpha: kodi tauniyo ikuyenera kukhala Blantyre kapena Lilongwe basi? Liwonde ili ndi msika, njanji yopita ku Nacala, nsomba za mu Shire ndi alendo opita kumalo osungira nyama. Balaka, imene inakhala boma palokha mu 1998 itapatuka ku Machinga, ndi mphambano ya magalimoto ndi ogula thonje. Wogulitsa kaunjika kapena telala wa pakhonde kumeneko amalipira lendi yocheperapo, ndipo Loweruka amapalasa njinga kukapalira. Maliro akagwa kumudzi, makamaka kwa Asilamu kumene mwambo woika suchedwa, amafika pa nthawi yake osakatenga katapila wa basi.