Mphekesera za ku China ndi mtengo wa sola ku Zóbuè

Alimi ena a ku Zóbuè ndi Moatize tsopano akuthirira madimba ndi mapampu oyendera dzuwa. Koma mtengo wa panelo ya sola umayambira kutali, kwa anthu amene sanagwirepo khasu.

Panelo imapangidwa ndi silikoni, wochokera ku mwala woyera wa quartz. Mwalawo amausungunula m'ng'anjo pamodzi ndi malasha ndi makala, kenako amauyeretsa ndi mankhwala amphamvu. Timizere towala timene timaoneka pa panelo ndi siliva, amene amatolera magetsi. Dziko la China ndi limene limagwira zoposa 80 peresenti ya ntchito yonseyi. Ku Mozambique kuno, fakitale ya FUNAE ya ku Beluluane, imene inatsegulidwa mu 2013, ndi yolumikizira mapanelo, osati yoyenga silikoni.

Silikoni woyenga anafika pafupifupi madola 40 pa kilo mu 2022. Makampani atathamangira kumanga mafakitale, katundu anachuluka ndipo mu 2024 mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 6. N'chifukwa chake mapanelo anatchipa.

Mu Julaye 2025 kunamveka kuti makampani akuluakulu monga GCL ndi Tongwei akukambirana zosonkha ndalama kuti agule mafakitale ena n'kuwatseka. Mgwirizanowo usanasainidwe n'komwe, amalonda a pamsika wa Guangzhou anayamba kugula silikoni mwaphuma poganiza kuti asowa, ndipo mtengo unakwera m'masabata ochepa. Mu Okutobala chaka chomwecho, siliva nayenso anadutsa madola 50 pa aunsi.

Anthu a ku Moatize amadziwa kumene phuma lotere limathera. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inalipira pafupifupi madola 4 biliyoni pogula Riversdale, imene inali ndi mgodi wa malasha wa Benga. Mu 2014 inagulitsa migodi yake ya ku Tete ndi madola 50 miliyoni okha.

Kwa mlimi, kukwera kwa silikoni sikusintha mtengo wa panelo tsiku lomwelo. Katundu amene ali m'sitolo anagulidwa kale, ndipo watsopano amatenga miyezi kuti awoloke nyanja, atsike padoko ndi kufika ku Tete. Pamtengowo pamalowanso msonkho, thiransipoti ndi mphamvu ya metical kapena kwacha.

Choncho wogulitsa akamati "gulani lero, mawa zikwera", mlimi asachite mantha. Chofunika ndi kuona mawatsi amene pampu yake imafuna, kuwerenga chikalata chomata kuseri kwa panelo, kuyerekeza mitengo ya ku Tete ndi ya ku Mwanza, ndi kupempha lisiti. Ndalama za tomato ndi kabichi zimabwera kamodzi pa nyengo, ndipo panelo yabwino imagwira ntchito zaka zoposa 20.