Kalavani musaigule ndi maso okha

Sabata yathayi ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leicester, m'dziko la England, komwe akugwira ntchito yosamalira okalamba. Dzina ndisunga. Akuti amuna awo atengeka mtima ndi kalavani, ija nyumba ya matayala yokoka ndi galimoto, ndipo akufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito kuti ana awo atatu azikaonako nyanja pa tchuthi. Ndalama zake n'zimene banjali lakhala likusunga zaka ziwiri, pomwe kumudzi kuno kulinso nyumba imene ikudikira malata. Funso lawo n'lalifupi: "Amayi, tigule kapena ndikanize?"

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka kuti nkhani ya makalavani ikudzatani pa tsamba lino. Pepani abale, tsamba lino amawerenganso ana athu amene ali kunja, ndipo ndalama zikamira kumeneko, misozi imafika mpaka kuno. Inenso ndinakhala ku England zaka 14 kuyambira mu 2003, nthawi ija anamwino ambiri tinasamukira kumeneko, ndipo kalavani ndinagulapo kawiri. Choncho mayi, ndi inu nonse amene muli ndi maganizo omwewa, khalani pansi tikambirane.

Poyamba ndinene kuti bambowo sanapenge. Sukulu za ku England zimatseka pafupifupi sabata zisanu ndi imodzi kuyambira kumapeto kwa July, ndipo nthawi imeneyo ndiyo mitengo ya mahotela ndi ya ndege imakwera. Banja la anthu asanu silingakwere ndege kubwera ku Lilongwe chaka ndi chaka. Ana amangokhala m'nyumba maso ali pa TV, anzawo akubwerera kusukulu ndi nkhani za ku Skegness ndi ku Wales. Kholo limamva kuwawa. Ifenso n'chimene chinatikoka.

Yathu yoyamba tinaigula mu November 2007 kwa bambo wina amene analengeza m'nyuzi. Tinafika madzulo kutada kale, mvula ikuwaza. Mkati munali moyera, makatani okongola, mipando yofewa, ndipo mumanunkhira mafuta opopera aja. Ine n'kuti ndaona kale pomwe ndidzaike mapoto anga. Tinalipira pompo, ndalama m'manja, popanda ngakhale kapepala. Titadzatsekula chitseko mu March, aaa! Fungo la nkhungu linatibweza. Nditakanikiza chala pakhoma, munsi mwa zenera lakutsogolo, chinangolowa ngati mu buledi wonyowa. Amisiri anatiuza kuti kukonza kudya ndalama zoposa zimene tinagulira. Bambo uja foni sanayankhenso. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mdani wamkulu wa kalavani ndi madzi, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Makalavani ambiri akale kunja kwake n'kachitsulo kopyapyala, koma mafupa ake mkati mwa khoma ndi matabwa. Molumikizira monse, m'mbali mwa mazenera, padenga ndi m'makona, amamata ndi phula lapadera. Zaka zikamapita phulalo limauma n'kung'aluka, madzi a mvula n'kumalowa pang'onopang'ono. Ndiye mvula ya ku England mukuidziwa, sipuma. Matabwa amaola mwakachetechete kunja kukuwalabe. Mukadzaona banga pakhoma, dziwani kuti matenda anayamba kalekale.

Tsono mukamapita kukaiona, pitani masana, kukuwala. Mukangolowa, imani kaye osayankhula, mununkhize. Ife anamwino mphuno ndi chida. Chilonda chobisika timachimva tisanamasule bandeji. Mukamva mafuta onunkhira ochuluka, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Tsekulani makabati onse, nyamulani makhushoni, gwadani muyang'ane pansi pa mabedi, kanikizani khoma m'makona ndi kuzungulira mazenera. Yendani pansi ponse opanda nsapato; pakamanyenyera ngati siponji ndiye kuti pamatuka. Pali kachipangizo koyezera chinyezi kamene sikadula, mungathe kugula kapena kubwereka. Kakaonetsa pansi pa 15 peresenti, palibe vuto. Kakadutsa 20, chenjerani. Kakafika 30, tsanzikani mwaulemu muzipita, ngakhale mwiniwakeyo atsitse mtengo bwanji. Ndipo ngati pali mwana wa mphumu m'banjamo, nkhungu si yoseweretsa. M'kachipinda kakang'ono kotseka, usiku umodzi wokha chifuwa chimabanika.

Koma ndathamanga. Musanapite n'komwe kukaona kalavani, tulukani panja muyang'ane galimoto yanu, chifukwa ndiyo imalamula. Kalavani iliyonse ili ndi kachitsulo pafupi ndi chitseko pamene analembapo kulemera kwake. Nambala yofunika ndi imene pali zilembo zoti MTPLM, kutanthauza kulemera kwake konse ikadzaza katundu mpaka pamlingo wololedwa. Mabungwe awiri akuluakulu a zimenezi, Caravan and Motorhome Club lomwe linayamba mu 1907 ndi Camping and Caravanning Club la mu 1901, amalangiza kuti munthu woyamba kumene asakoke kalavani yoposa 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yake yopanda katundu. Si lamulo la boma ayi, ndi uphungu, koma uphungu wa anthu amene aona ngozi. Tiyerekeze galimoto yanu imalemera makilogalamu 1,400. Ndiye kuti kalavani yanu isapitirire 1,190. Vuto n'lakuti makalavani ambiri ogona anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amalemera kuposa pamenepa. Mwaonatu? Banja likhoza kugula kalavani lero, mawa n'kuzindikira kuti likufunikanso galimoto ina. M'buku la galimoto yanu mulinso malire amene opanga anaika a katundu amene ingakoke. Amenewo ndiye osawadumpha ngakhale pang'ono.

Kalavani ikalemera kuposa mphamvu ya galimoto, mchira ndiwo umagwedeza galu. Lole ikakudutsani kapena mukamatsika mtunda, imayamba kupita uku ndi uku ngati njoka. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu ndipo musaonjezere moto. Chotsani phazi pang'onopang'ono, chiwongolero mutachigwira chowongoka. Kapakiridwe kamathandizanso: zolemera ziikeni pansi, pakati, pamwamba pa matayala, osati kumbuyo kwenikweni. Ndipo katundu wololedwa ndi wochepa kuposa momwe mukuganizira, kawirikawiri makilogalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono. Ife Amalawi paulendo timanyamula ngati tikusamuka: thumba la ufa, mapoto, mabulangete, njinga za ana. Yezani pasikelo, musamangoponyamo.

Za malamulo ndidutsa mwachangu. Kuyambira pa 16 December 2021, ku England, Scotland ndi Wales munthu amene ali ndi layisensi yonse ya galimoto yaing'ono ya kumeneko angathe kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland malamulo ndi osiyana, kafunseni. Koma layisensi kukulolani si ndiye kuti mukudziwa. Kubwerera chambuyo ndi kalavani kwayambanitsa mabanja ambiri anthu akuonerera. Mabungwe ndatchula aja amaphunzitsa, bambo apite, inunso mayi mupite. Liwiro ndi mamailosi 60 pa ola m'misewu ikuluikulu, 50 m'misewu yopanda chotchinga pakati, ndipo pa motorway ya mizere itatu simuloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni. Magalasi oonjezera oonera kumbuyo ndi ofunika. Ndipo munthu aliyense, kaya mwana alire bwanji, sakwera m'kalavani ikamayenda.

Mapepala nawo musawanyozere, makalavani amabedwa kwambiri. Kuyambira 1992 makalavani opangidwa ku Britain, monga a Bailey a ku Bristol, Swift ndi Coachman a dera la Hull kapena Elddis a ku County Durham, amalembetsedwa m'kaundula wotchedwa CRiS. Iliyonse ili ndi nambala ya zilembo 17 imene imadindidwa pachitsulo chapansi ndi pamazenera. Onani kuti nambalayo ikufanana paliponse ndiponso ndi ya papepala, kenako lipirani kandalama kochepa afufuze ngati si yobedwa, ngati ilibe ngongole, ndiponso ngati sinachitepo ngozi yaikulu. Wogulitsa akati tikumane pamalo oimika magalimoto m'malo mwa pakhomo pake, kapena akati tumizani kaye ndalama ya chikole musanaione chifukwa ofuna ndi ambiri, musiyeni. Pa Facebook akuba otere adzaza.

Matayala amanamiza. Kalavani imakhala chiimire miyezi yambiri, choncho tayala limaoneka latsopano pomwe mphira wake wauma. M'mbali mwake muli manambala anayi: 2318 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Likakwana zaka zisanu lisinthidwe, ndipo lisadutse zisanu ndi ziwiri. Kumbukiraninso kuti kalavani siyezedwa MOT ngati galimoto, ndiye palibe amene anakakamiza mwiniwake kuisamala. Funsani mapepala a sevisi ya chaka ndi chaka. Akasowa, itanani mmisiri wodziwa ayeze mabuleki, magetsi ndi gasi musanagonemo.

Pa gasi pomwepa ndiyankhule monga namwino. Chitofu, filiji ndi chotenthetsera cha m'kalavani zimayendera gasi wa m'botolo. Gasi akapanda kuyaka bwino amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka, sununkha ndipo sutsokomoletsa. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu kuno kwathu mu June ndi July, akalowetsa mbaula ya makala m'nyumba n'kutseka mazenera chifukwa cha chisanu. Umakakamira m'magazi pamalo pomwe pamayenera kukhala mpweya wabwino, munthu n'kumafooka osadziwa chifukwa. Zizindikiro zake zimanamiza: mutu, chizungulire, nseru, kutopa, kusokonezeka. Mmalawi amangoti kachimfine, kapena malungo abwerera, n'kumwa panado n'kukagona. Kugonako ndiye kowopsa. Mukaona kuti nonse mutu ukukupwetekani nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja mukupezako bwino, tulutsani aliyense, tsekani botolo la gasi, imbani 999. Ana ndi amayi oyembekezera ndiwo amavulala msanga.

Choncho chinthu choyamba kugula, musanagule makatani, ndi alamu ya mpweya umenewu, yolembedwa EN 50291-2 imene anapangira makalavani ndi maboti, pamodzi ndi ya utsi. Ngati ilimo kale, onani tsiku lake lothera ntchito ndipo muiyese ulendo uliwonse. Timabowo tolowetsa mpweya timene tili pansi ndi m'mbali musatitseke ndi nsanza ngakhale kuzizire motani. Moto wa chitofu uzikhala wa buluu. Ukamayaka wachikasu n'kumadetsa mapoto, china chalakwika. Ndipo inu abambo okonda kuotcha nyama, mbaula isalowe m'kalavani kapena m'tenti yolumikiza pakhomo pake, ngakhale moto uoneke ngati wazima. Makala ozilala amatulutsabe mpweyawo kwa maola ambiri.

Tsopano tiwerengere ndalama zimene bambo sanakuuzeni, mwina chifukwa iwonso sakuzidziwa. Galimoto ikufunika chitsulo chokokera ndi mawaya ake. Inshuwalansi ya galimoto kawirikawiri imangolipira zimene mwawonongera ena mukukoka. Kalavaniyo ikabedwa kapena ikagubuduka, ndi yanu, pokhapokha mutaigulira inshuwalansi yakeyake. Sevisi ndi chaka chilichonse. Mafuta galimoto imamwa ochuluka ikamakoka. Malo ogonapo amalipiritsa usiku uliwonse, ndipo mu August mtengo umakwera. Funso lalikulu n'lakuti: miyezi yonse imene simukuyenda, izikhala kuti? Ambiri a ife kumeneko timakhala nyumba za lendi zopanda bwalo, ndipo ngakhale nyumba zina zogula zili ndi pangano loletsa kuimika kalavani pakhomo. Ndiye kuti mudzalipira malo osungira chaka chonse.

Ndiye tengani pepala. Lembani zonsezi, muphatikize, kenako mugawe ndi masiku amene mudzagonemo pachaka. Masiku enieni, osati a m'maloto. Inu mayi muli pa mashifiti, mwina bambonso chimodzimodzi. Ndi Loweruka ndi Lamlungu angati amene nonse mumapuma limodzi? Ngati ndi sabata imodzi yokha pachaka, kuchita lendi kalavani yoimikidwa kale m'mphepete mwa nyanja kukutsikirani mtengo, ndipo malata aja agulidwa. Ngati mungatuluke kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pamenepo kugula kuli ndi nzeru.

Palinso nkhani ina imene amuna saitchula. M'kalavani madzi amatungidwa pampopi ndi mgolo wogubuduza, ndipo chimbudzi chake n'kabokosi kamene munthu amakasolola n'kukakhuthula pamalo ake, tsiku lililonse kapena patapita masiku awiri. Gwirizanani muli kunyumba kuti ntchito imeneyi ndi ya ndani. Ndaonapo amayi akuphika, kutsuka ndi kukhuthula sabata yonse, bambo ali pampando panja akuti tchuthi chakoma. Mayi amene amasambitsa okalamba chaka chonse sakufunika tchuthi chotero.

Yankho langa kwa inu mayi a ku Leicester ndi ili: musakanize, koma chaka chino musagule. Chitani kaye lendi sabata imodzi, makamaka nthawi ya mvula, muone ngati anthu asanu mungapirirane m'kachipinda kamodzi. Ku NEC mumzinda wa Birmingham kumakhala chionetsero mu February ndi mu October. Pitani ndi ana, alowe, agone pamabedi, muone kakonzedwe kamene kakukuyenerani, koma cholembera chisiyeni kunyumba. Ife yachiwiri tinagula mu 2009 titachita zonsezi, yaing'ono, yosakongola, makatani ake ofiira ngati a m'basi, ndipo inatitumikira mpaka chaka chimene ndinabwerera kuno. Ndinaphikiramo nsima ku Scarborough, azungu oyandikana nafe n'kubwera kudzafunsa kuti mthiko ndinaugula sitolo iti.

Mundilemberenso mundiuze mtundu wa galimoto yanu ndi kulemera kwake, komanso ngati pali mwana wa mphumu. Kalatayi muwaonetse bambo, makamaka ndime ya chimbudzi.