CIMFINE CISAKULANDENI TULO

Mwezi wa June ukafika ndi mphepo yake, anthu ambiri a ku Nkwazi, mu mzinda wa Ndola, amacezera usiku wonse cifukwa ca mphuno zotsekeka. Munthu akagona cagada, magazi amaculuka m'mphuno, mkati mwake mumatupa, ndipo mpweya umasowa podzera.

Tsono inu a kumudzi ndi a m'tauni omwe, kwezani mutu ndi mitsamiro iwiri. Sungunulani theka la sipuni yaing'ono ya mcere mu kapu ya madzi owiritsa amene azizira, ndi kudonthezera m'mphuno musanagone.

Koma cenjerani, musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala ulibe fungo, koma umapha. Mwana akamapuma mofulumira kapena kulephera kuyamwa, thamangirani naye kucipatala usiku womwewo.