Pampu Yopondaponda: Chiwalo Chiti Chiyambe Kutha?

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Katondwe, madimba amapulumuka ndi madzi a mumtsinje wa Luangwa ndi a m'zitsime zokumba mumchenga. Ena mwa inu mumakoka madziwo ndi pampu yopondaponda, ija inayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980, kumene Gunnar Barnes wa ku Norway ndi anzake anaipanga ndi zopondera za nsungwi. Kuno ku Zambia inafala m'zaka za m'ma 1990. Ziwalo zake n'zowerengeka: masilinda awiri, mapisitoni, mavavu, chingwe chodutsa pa kagudumu, zopondera ndi chimango chogwira zonsezi. Wosintha chimodzi ayenera kudziwa kuti wakhudza zonse.

Taonani za silinda. Alimi ambiri amapempha wowotcherera kuti awakulitsire silinda, ati madzi achuluke. Amachulukadi, koma mwendo ndiwo umalipira. Pokoka madzi amene ali pansi mamita 5, pisitoni ya silinda ya masentimita 10 m'mimba mwake imalemera ngati makilogalamu 39. Silindayo ikakhala ya masentimita 15, kulemerako kumafika makilogalamu 88. Mnyamata wamphamvu akhoza kulimbana nako kwa kanthawi, koma katundu yemweyo ali pachingwe, pa kagudumu ndi pamfundo zonse za chimango. Ndipo madzi akamatsika m'chilimwe, kulemera kumawonjezeka. Akapitirira mamita 7, pampu yokoka imayamba kulephera, ngakhale aipondeponde ndani. Choncho ife timayamba tayeza kuya kwa madzi m'mwezi wouma kwambiri, kenako n'kusankha silinda. Madzi akakhala patali, silinda yaing'ono ndiyo imathirira dimba mpaka madzulo.

Chachiwiri n'chimene timalimbikira kwambiri pophunzitsa: wopanga asankhiretu chiwalo chimene chidzayambe kutha. Mchenga wa Luangwa umapala chitsulo ngati tupa. Mphira kapena chikopa cha papisitoni chikhale chofewa kuposa silinda, kuti chithe ndicho. Chimenecho mungadule nokha pakhomo, pamene silinda ikakumbika mkati ndiye ulendo wa ku Lusaka, tomato akufota. Momwemonso pamene chopondera chimazungulira: kathabwa kolimba kopaka girizi kadyeke, chitsulo chapakati chitsale. Sefa yakumapeto kwa paipi isagone pamchenga.

Sitikondwera ndi pampu yowotchereredwa paliponse. Imaoneka yolimba tsiku logula, koma vavu ikatsekeka simungaifikire popanda kudula chitsulo, ndiponso kuinyamula usiku pothawitsa akuba kapena njovu kumafuna anthu awiri. Chimango chokha chiwotchereredwe. Zonse zimene zimatha zimangidwe ndi mabawuti a msinkhu umodzi, kuti sipanala imodzi ikwanire.

Lachisanu dzuwa lisanalowe, tsukani masilinda, kungani mabawuti, ndipo chikopa cha pisitoni muchisiye chonyowa kuti chisaume ndi kung'aluka pamene pampu ikupuma pa Sabata.