Kodi munaseka liti komaliza ndi bambo anu?

Mwezi wathawu bambo anga anabwera kwanga ku Area 25 ku Lilongwe. Anati abwera kudzangondiona, ine n'kukhulupirira. Usiku woyamba titamaliza kudya nsima, iwo anakhala pampando akuyang'ana khoma, ine ndili pa foni, zomvera zili m'makutu. Ndinapeza kasewero kena pa TikTok ka mnyamata wotsanzira alandilodi mwezi ukatha, ndipo ndinaseka mpaka kutsamwa. Nditadzutsa mutu ndinapeza akundiyang'ana.

"Ukuseka chiyani iwe?"

"Aaa, palibe ababa. Ndi zinazake za pa foni."

"Oho."

Anangoti "oho" yomweyo n'kukagona. Ine tulo sitinabwere. Mawu akuti "palibe" aja ankangondibwerera, chifukwa munthu amene ndinamuyankha chonchoyu ndi yemwe ndinaphunzira naye kuseka patsogolo pa TV.

Ndinakulira ku Chilomoni mu Blantyre. Wailesi ya kanema ya TVM inayamba mu 1999, ndipo patapita zaka zingapo bambo anagula TV ija ya chimsana, yomwe kuinyamula kwake kunkafuna anthu awiri. Eriyo tinaimangirira kunsonga kwa nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Kukachita mphepo zithunzi zinkasanduka mchenga, ndiye ntchito yanga inali yothamangira panja kukapotoza nsungwi ija, a m'nyumba akukuwa pazenera: "Pomwepo! Ayi, wapitirira! Bwerera pang'ono!" Ana a aneba ankadzaza pamkeka, koma lamulo la amayi linali limodzi: wosasamba mapazi aonerere pazenera.

Bambo anga anali munthu wosaseka wamba. Ankagwira ntchito yaukalaliki pa kampani ina mu tauni, ndipo tikangomva nsapato zawo pakhonde, aliyense ankatola buku, olo likhale lozondoka. Koma pa TV pakangotulukira Izeki ndi Jakobo, munthu yemweyo ankasintha. Ankayamba ndi kugwedeza mapewa ngati akudziletsa, kenako n'kumenya bondo, pomaliza n'kuvula magalasi kuti apukute misozi. Ife ana nthabwala zina zinkatipitirira, koma tinkaseka basi, chifukwa kuona adadi akuseka inali nthabwala payokha.

John Nyanga ndiye anali Izeki, ndipo Eric Mabedi, yemwe anatsogolera gulu la zisudzo la Kwathu kwa zaka zambiri, anali Jakobo. Analibe magalimoto ophulika kapena nyumba zagalasi. Chida chawo chinali pakamwa. Anthu awiri kuima n'kumatsutsana, wina kupotoza mawu a mnzake, nkhani yake ya ngongole, ya banja, ya ntchito, ya njala. Zonsezo zinali nkhani za m'nyumba mwathu momwe, kungoti ife sitinkazitchula.

Ndinadzazindikira mphamvu ya zimenezi mu 2007, ndili ndi zaka 9. Azakhali anga anabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo, amuna awo atamwalira. Anali ataonda, akutsokomola usiku wonse. Kumudzi ena ankati ndi tsempho, ena ankati alodzedwa. Mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, anali atayamba kale kuperekedwa ulele m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo bambo ankadziwa zimenezo bwinobwino. Koma mwamuna angayambe bwanji kuuza mlongo wake kuti akayezetse magazi? Mawuwo angawatulutse bwanji osaoneka ngati akumuneneza, kapena akuneneza malemu alamu ake? Ndiye m'nyumba munangoti zii. Amayi ankaphika phala, bambo ankagula panado, masiku n'kumapita.

Madzulo ena tinakhala tonse kuonera Tikuferanji, sewero lomwe bungwe la ADRA linkakonza, limene linayambira pa wailesi lisanafike pa kanema. Michael Usi ankasewera ngati Manganya. Inde, yemwe uja amene mu June 2024 anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino. Kwa ife nthawi imeneyo anali Manganya basi. Nkhani ya tsikulo inali ya munthu wodwaladwala amene ankazemba kukayezetsa, zifukwa zake zosatha. Ife ana tinkaseka. Akuluakulu anangoti duu, aliyense maso ali pa TV, kuopa kuyang'anana.

Amene anayamba kuseka anali azakhali. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo chitaleka anati, "Koma achimwene, ameneyutu ndine."

Bambo sanatembenuke. Maso ali pa TV pomwepo anangoti, "Ndiye mawa tilawirire kuchipatala, achemwali."

Nkhani yomwe inakanika kwa miyezi itatu inatha ndi ziganizo ziwiri. Azakhali aja alipo mpaka lero, akugulitsa nthochi kwawo, ndipo ali ndi zidzukulu zinayi zomwe zimawasowetsa mtendere.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Kwathu kuno pali zinthu zomwe mwana sanganene kwa kholo, mlongo kwa mlongo wake, mkamwini kwa apongozi. Koma makolo athu sanali opusa, anasiya khomo lotulukira. N'chifukwa chake pali chisuweni, pomwe asuweni amanyozana mwanthabwala popanda wokwiya. N'chifukwa chake ngakhale pamaliro adzukulu amaloledwa kuchita nthabwala anthu ali m'kati molira. Munthu wanthabwala amapatsidwa chilolezo chonena zomwe ena tonse tikuziopa. Azisudzo aja anangotenga udindo wakalewo n'kuulowetsa mu TV. Iwo ankanena, ife n'kuseka, ndipo tikaseka limodzi ndiye kuti tavomerezana kuti tamva.

Sikuti tinkaonera za kwathu zokha ayi. Loweruka tinkazemba kupita ku vidiyo sho ya kumsika, kachipinda kamdima kofoleredwa ndi malata, mabenchi ake olumana ndi nsikidzi, kukaonera Jackie Chan, Jet Li ndi Rambo. Kenako kunadza mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, pomwe womasulira ankaika mawu akeake m'kamwa mwa munthu wa ku Hong Kong, mpaka filimu yankhondo kusanduka sewero loseketsa. Mafilimu a ku Nigeria nawo anatigwira. Ndani sanakanganepo ndi anzake ngati Aki ndi Pawpaw ali ana kapena akuluakulu? Ine ndinakhumudwa nditamva kuti Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme anali kale anthu akuluakulu pomwe ankasewera ngati ana opulupudza aja. Panalinso John Okafor, Mr Ibu, yemwe anamwalira mu 2024, ndi Nkem Owoh wa Osuofia in London. Agogo anga ankakonda Mr Bean chifukwa sankafuna Chingerezi kuti umumve. Ndinadabwa nditakula kumva kuti Rowan Atkinson anangopanga magawo 15 okha a sewero lija, pakati pa 1990 ndi 1995. Ife tinkangobwereza omwewo osatopa.

Onsewa anatiseketsa, ndipo ndimawathokoza. Koma pali kusiyana. Mr Bean tinkamuseka iyeyo. Izeki ndi Jakobo akamasewera tinkadziseka tokha. Mr Bean akanatha kuwaseketsa azakhali anga mpaka kugwa pampando, koma sakanawanenetsa kuti "ameneyutu ndine".

Musandimve molakwa, aise. Sindine wa gulu lija lomati zakale zonse zinali bwino. TV inali imodzi, tchanelo chimodzi, magetsi akathima sewero lathera pomwepo, ndipo ngati bambo afuna nkhani ndiye kuti nonse muonera nkhani. Achinyamata amene akupanga timasewero lero pa TikTok, Facebook ndi YouTube ali ndi luso loopsa. Ndi foni imodzi, chitenje cha amayi awo ndi wigi yobwereka akutha kufikira anthu ambiri osadikira chilolezo cha wina aliyense. Amanena za ulova, za kukwera mtengo kwa zinthu, za mizere ya mafuta, za aneneri, za zibwenzi za pa WhatsApp. Udindo wa wamisala uja akuugwira ndithu.

Chomwe chasintha ndi ife oonerafe. Foni imaphunzira zomwe umakonda n'kumakupatsa zako zokha. Ine ndili ndi zanga, mng'ono wanga ali ndi zake, amayi ali ndi nyimbo zawo za kwaya. Tikhoza kukhala anthu asanu pabalaza limodzi, aliyense akumwetulira m'manja mwake. Kasewero ka mphindi imodzi kamatha usanapeze mpata woyang'ana nkhope ya amene wakhala naye pafupi. Kakakusangalatsa umatumizira anzako a msinkhu wako, iwo n'kuyankha ndi tizithunzi toseka mpaka misozi, chonsecho nkhope zawo zili gwa. Nthabwala zilipo zambiri kuposa kale, koma zasiya kudutsa pakati pa kholo ndi mwana. Ndipo zikasiya kudutsa pamenepo, nkhani zovuta zija zimasowa polowera.

Usiku wachiwiri ndinagula bandulo n'kuyamba kusaka Izeki ndi Jakobo pa YouTube. Ndinapeza tizidutswa tingapo, zithunzi zake zosaoneka bwino, mawu akumveka ngati akuchokera m'chitini. Ndinazula zomvera zija, n'kutsamiritsa foni pa flasiki ya tiyi patebulo.

"Ababa, tabwerani mudzaone anzanu."

Anasendeza mpando monyinyirika, n'kuvala magalasi. Sipanathe mphindi ziwiri, mapewa aja anayamba kugwedezeka. Kenako bondo linamenyedwa. Kenako magalasi anavulidwa. Ndinali nditaiwala kuti bambo anga akamaseka amatulutsa kamawu kakang'ono ngati ka mwana. Tinaonera tizidutswa tinayi, china tinachibwereza kawiri.

Titamaliza anakhala chete akupukuta magalasi ndi ngodya ya shati.

"Onsetu anapita awa," anatero. Ndinavomera. John Nyanga anamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021.

"Eee. Anthu timapita." Anayang'ana foni ija ngakhale inali itazima. "Iwe, ine sindinabwere kudzangokuona ayi. Adokotala kwathu kuja andipeza ndi shuga, ndiye maso ayamba kuvuta. Anditumiza kuti ndikaonane ndi a maso Lachinayi. Amayi ako akudziwa, koma ndinawauza kuti asakuuzeni, mungamade nkhawa."

Munthuyu anali atagona m'nyumba mwanga usiku wathunthu, kalata ya kuchipatala ili m'thumba la jekete. Akanatha kupita yekha Lachinayi lija, n'kubwerera ku Blantyre ine osadziwa kanthu, ndikanapitiriza kuwayankha kuti "palibe". Lachinayi ndinapempha tchuthi kuntchito, tinapitira limodzi. Ndinamva ndekha zomwe adokotala ananena za zakudya ndi mankhwala, ndipo tsopano ndikaimba foni kunyumba ndimadziwa chofunsa.

Usiku womaliza ndinawaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Si filimu yoseketsa, koma tinayamba ndi kuseka. Chiwetel Ejiofor, yemwe anaitsogolera n'kusewera ngati bambo a William, anayesetsa kuyankhula Chichewa, ndipo bambo anga ankangoti, "Koma mkuluyu lilime lamukana." Itafika pa njala, kuseka kunatha. Anaimitsa okha filimuyo n'kuyamba kundiuza za 2002, momwe ankagonera pamzere wa chimanga, momwe iwo ndi amayi ankanamizira kuti adya kale kuntchito ndi kwa aneba kuti kansima kochepako tidye ife. Ndinali ndi zaka 4 nthawi imeneyo. Nkhaniyi ndinali ndisanaimvepo.

Sindikunena kuti sewero limachiza shuga, kapena kuti banja lililonse losayankhulana lingakonzeke ndi Manganya. Pali mabala ena ofuna zambiri kuposa nthabwala. Ndikungonena zomwe ndaona kawiri m'moyo mwanga: makolo athu ambiri sadziwa kuyamba nkhani yovuta ali maso ndi maso. Amaiyamba maso ali kwina, pakamwa patafewa ndi kuseka. Kale TV ya chimsana ija inkawapatsa poyang'ana. Lero chida chili m'manja mwathu, ifeyo ana, ndipo tachitsekera m'makutu.

Ndiye mukapita kunyumba ulendo uno, kapena makolo akabwera kwanu, yesani. Zulani zomvera. Afunseni sewero lomwe linkawaseketsa, kaya ndi Izeki ndi Jakobo, kaya Winiko, kaya Chindime ndi Samalani, kaya Pamajiga wa pa wailesi. Aonetseninso wanthabwala amene mumamukonda inuyo, mwina adzaseka, mwina adzati "ana inu zanu n'zosamveka", koma nayonso ndi nkhani. Ndipo ngati kwanu kuli matepi kapena ma DVD akale a zisudzo zathu m'katoni ina pansi pa bedi, chonde musataye. Zomwe ndinapeza pa intaneti ndi zochepa poyerekeza ndi zomwe ndikukumbuka kuti tinaonera.

Dzulo bambo anandiimbira. Sanayambe ndi za shuga. Anati, "Iwe, anyamata aja ungandiikire mu memori khadi? Amayi ako akuti nawonso akufuna aone." Ndawaikira kale. Koma sinditumiza pa basi ayi. Ndikapereka ndekha, ndipo ndikakhala nawo pamkeka.