Limba la Magetsi la ku Niamey

Kwa zaka zoposa 30, anthu a m'dziko la Niger anali kumva nyimbo zina zacilendo pa wailesi, pakati pa pulogalamu ina ndi inzake. Munalibe liu la munthu m'nyimbozo, munalibenso gitala kapena ng'oma ya cikopa. Kunali kulira kofatsa, kobwereza-bwereza, kumene khutu silikanatha kunena kuti kukucokera m'cinthu cotani. Mwini wa nyimbozo ndi a Mamman Sani.

Bamboyu anali kugwira nchito m'bungwe la UNESCO. Pa msonkhano wina anakumana ndi nthumwi ya ku Rwanda imene inabwera ndi limba la magetsi lochedwa Orla, lopangidwa ku Italy. Atamva kulira kwake mtima sunakhale m'malo, ndipo anaumirira kufikira mwini wake anavomera kuwagulitsa.

Limba lotere lilibe nsambo kapena zitoliro. M'kati mwake mphamvu ya magetsi imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka liu. Ikanjenjemera kambiri pa sekondi imodzi liu limakwera, ikacepetsa liu limatsika. Palibe kompyuta imene imawerengera kanthu. Anthu ena amati zoimbira zotere zilibe moyo, koma a Sani anaika m'menemo nyimbo za makolo za Awodaabe, oweta ng'ombe, ndi za Atuareg a m'cipululu ca Sahara, naziimba modekha pamodzi ndi zopeka okha. Apa ndipo pagona luso lao: cipangizo ca ku Ulaya anaciphunzitsa kayendedwe ka nyimbo za kwao.

M'caka ca 1978 analowa m'cipinda cojambulira mau ca wailesi ya boma ku Niamey. Anajambula kawiri, mau aciwiri nawasanjika pamwamba pa oyamba. Nyimbozo, zina mwa izo "Lamru" ndi "Salamatu", zinatuluka pa kaseti ya dzina lakuti La Musique Électronique du Niger, mogwirizana ndi unduna woona za cikhalidwe. Koma nchitoyo siinayende monga anafunira, ndipo makaseti amene anatuluka anali owerengeka cabe.

Awerengi amene anazungulizapo kaseti ndi colembera adziwa kufooka kwake. Kaseti, imene kampani ya Philips inaonetsa koyamba m'caka ca 1963, imasunga mau pa kalamba kopyapyala kopakidwa ufa wogwira maginito. Kutentha kumakapinda, fumbi limakakanda, ndipo wailesi yokalamba imakatafuna. Tsono taganizirani makaseti ocepa cotere m'dziko la dzuwa loopsa ndi mphepo ya mcenga! Kaseti iliyonse yoonongeka inali kusendeza nyimbozo kufupi ndi manda.

Patapita zaka zoposa 30, Christopher Kirkley wa ku America, amene anayambitsa kampani ya nyimbo ya Sahel Sounds, anapeza imodzi mwa makasetiwo pofufuza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Niamey. Anafunafuna mwini wake nawapeza mu mzinda womwewo. M'caka ca 2013 nyimbo zija zinatulukanso pa cimbale, ndipo anthu a maiko akutali anazimva kwa nthawi yoyamba. Pambuyo pake panatsatira cimbale cina cochedwa Taaritt, ca nyimbo zimene a Sani anajambula m'zaka za m'ma 1980.